Kabokosi Kamene Sikagunda Khutu

Amayi anakuwa ali kuchipinda. Nditathamangirako ndinawapeza atagwira khutu ndi manja onse awiri, kabokosi kali pansi pomwe anakaponya.

"Kandimenya," anatero, mokweza monga amalankhulira munthu wosadzimva yekha. "Kandimenya mbama m'kati mwa mutu."

Amayi anasiya kumva bwino ine ndili wamng'ono. Bambo, amene ntchito yawo inali yokonza mawayilesi ndi zokuzira mawu, anawapangira kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja: batire m'kati, kamaikolofoni kutsogolo, kachingwe kopita m'khutu. Amayi ankakavala pachifuwa, m'kathumba kansalu. Chiwaikire bambo m'manda sanakakhudzenso. Ankati mawu achipepeso awatopetsa asanawamve n'komwe. M'mawa umenewo ndine ndinawachonderera kuti akavale, chifukwa ndinali nditatopa kulankhula ndi makoma.

Ndinakatola, ndinalowetsa kachingwe m'khutu mwanga, ndinazimitsa, ndinayatsa.

Phu!

Misozi inatuluka yokha m'diso la mbali imeneyo.

Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi zokuzira mawu amakudziwa kugunda kumeneku. Ukayatsa, magetsi a batire amalowa onse nthawi imodzi, kapasita wa potulukira mawu, kachipangizo kosunga magetsi, amadzaza mwadzidzidzi, ndipo kudzidzimuka konseko kumakathera pa sipikala. Ikakhala sipikala ya m'holo anthu amangoseka. M'khutu lodwala kale, ndi msomali. Bambo analimbana nako kugunda kumeneku mpaka anakugonjetsa. Kabokosi ka amayi ukakayatsa kankayamba kakhala chete, kenako mawu ankabwera pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'chipinda cha wodwala. Sikanagundepo. Ngakhale batire lifooke chotani, sikanagundepo.

Ndinagwada patsogolo pawo kuti aone milomo yanga.

"Amayi, aka si kanu."

"Ndi komweko. Kathumba ndi komweko. Bambo ako apita nako kumva kwanga, basi. Chotsa, usadzandibweretserenso."

Anagona n'kutembenukira kukhoma. Ndinaima ndikuyang'ana msana wawo, umene unali utachepa m'kati mwa diresi. Mkwiyo umene ndinkayenda nawo chichokere kuchipatala kumene bambo anamwalirira, wosowa mwini, unapeza pogwira. Pa maliro a bambo anga, munthu analowa m'chipinda cha mkazi wamasiye n'kumubera makutu.

*

Ndinayamba ndi a Chipewa. Ali ndi kashopu kokonzera mawayilesi kumapeto kwa msewu wathu, ndipo palibe anawaonapo mutu uli pamtunda. Iwo ndi bambo ankalandana makasitomala m'mawa, masana n'kumabwerekana zida. Ndinkakumbukira bwino mmene ankakayang'anira kabokosi ka amayi, maso ngati a mphaka pa mbale.

Ndinaika kabokosi kogunda kaja pa tebulo lawo, pamwamba pa wayilesi yotsegula mimba.

"Mwabweza kolakwika," ndinatero.

"Anthu amayamba ndi moni, mwana wa malemu."

"Moni ndinakupatsani pa maliro. Ka amayi kali kuti?"

Anakankhira chipewa kumbuyo pang'ono. "Ukuti ndaba? Ine? Ndikatani nako, munthu ndimamva mpaka makoswe a kwa aneba akamakangana?"

"Munkafuna chinsinsi chake."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Chinsinsi chake chiti? Bambo ako chinsinsi chinkawawotcha m'kamwa. Anandikhazika pompano mpaka tiyi wanga kuzizira. Akuti usalole magetsi alowe ngati anthu ogumula chitseko. Uike rezisita wowachedwetsa ndi kapasita wamkulu panjira pawo, kuti azikwera pang'onopang'ono. Potulukira mawu uike rezisita wina, azitsitsira pansi zotsalira. Ndiye katranzisita kamodzi kogwira pakamwa mpaka zonse zikhazikike, kenako kazimasula. Ndanama?"

Sananame. Kukoleji, ndisanasiye kuti ndidzadwazike bambo, ndinaphunzira zomwezo m'mayina ataliatali. Bambo ankangoti ndi kuphunzitsa batire ulemu.

"Ndiye munapanga kanu n'kudzasintha."

"Tsegula tione. Kakakhala ka manja anga, ndivula chipewa pakati pa msewu."

Ndinatenga sikuludiraiva yawo osapempha. Chivindikiro chitangochoka, ndinasuzumira m'kati. Mawaya anali opindidwa bwinobwino ngati zovala zosita, nsonga iliyonse yopotedwa isanawotcheredwe, mtovu wake wonyezimira, wosachuluka. Ndinakulira pambali pa manja amenewo. Koma kapasita wamkulu munalibe, katranzisita kogwira pakamwa munalibenso.

"Ndi ntchito ya bambo," ndinatero.

"Ya bambo ako asanachenjere. Aka ndi koyamba kaja. Kankawagunda mayi ako, ndiye anapanga kachiwiri."

Ndinkayesa kuti koyamba anakaphwasula kalekale. "Anakapititsa kuti?"

"Anapatsa munthu, iwe uli kusukulu kwako. Ndani, sindikudziwa. Bambo ako ankagawa zinthu ngati woledzera, chonsecho samamwa." Anandilanda sikuludiraiva. "Upeze amene anali ndi koyamba, wapeza wakuba wako. Ndipo ukadzafunanso kunditcha mbava, ubwere ndi wamkulu."

Sindinapepese. Tsiku limenelo m'kamwa mwanga munalibe malo a kupepesa.

*

Atelala ali ndi makina awo pakhonde loyang'anizana ndi lathu. Pa maliro ndi iwo amene anakhala pakhomo la chipinda cha amayi, kulola ena, kubweza ena. Ndinawapeza akudula nsalu, mapini ali m'kamwa.

"Pali mwamuna amene analowa m'chipinda muja?"

"Mwamuna? Ine ndili pakhomo?" Analankhula mapini osagwa. "Abusa amene ndinawaimitsa pa chopondera. Iwe wadya? Nkhope yachita kugwa ngati thumba lopanda kanthu."

"Alamu anga?"

Ndinkafuna kuti akhale iwo. Mwamuna wa achemwali anga ndi munthu woti akalowa m'nyumba maso amayamba kupatsa moni katundu, eni ake pambuyo.

"Alamu ako anali pa chiwongolero cha galimoto kuyambira m'mawa, kutenga anthu, kutula anthu. Anafika pakhonde kamodzi kudzapempha madzi, ndinawapatsa ndine, anamwera chiimire. Ngati ukudana nawo, dana nawo pa zina."

"Ndiye ndi mkazi."

"Chasowa n'chiyani kodi? Ukundifunsa ngati wapolisi wopanda yunifolomu."

Ndinawauza. Kenako ndinawapatsa kabokosi, kali m'kathumba kake. Anachotsa mapini m'kamwa n'kuwabaya pa diresi lawo.

"Kathumba aka ndinasoka ndine. Nsalu ndi yomweyo, batani ndi lomwelo." Anakatembenuza. Chala chawo chinayenda pa msoko wapansi, n'kuima. "Koma apa si ine. Kabokosi aka n'kotalikirapo pang'ono, sikanakwane. Wina wamasula msoko, watsitsa nsalu, wasokanso. Ulusi wake wosiyana, taona."

"Munthu aliyense akhoza kusoka."

"Osati chonchi. Pomaliza wabwerera m'mbuyo, mfundo wabisa m'kati mwa mpendero. Amene amamaliza chonchi ndi..."

Anasiya pomwepo. Anandibwezera kathumba ngati kakuwawotcha, n'kuyamba kufunafuna lumo limene linali m'manja mwawo momwe.

"Ndi ndani?"

"Ndinaphunzitsa atsikana ambiri mumsewu muno."

"Amene analowa m'chipinda cha amayi ndi angati mwa iwo?"

"Mwanawe, pita ukagone. Maliro amapangitsa munthu kuona zinthu."

"Kabokosi koyamba kanalinso ndi kathumba. Munasoka ndinu. Bambo anakapereka kwa ndani?"

"Ndinangotalikitsa chingwe chake. Bambo ako anati wovala ndi wamimba yaikulu."

"Ndani, atelala?"

Anayang'ana kunyumba kwathu, ku zenera la amayi lotseka katani masana.

"Apongozi a mchemwali wako," anatero, mawu ali pansi. "Koma usakanene kuti wamva kwa ine."

*

Ndinayenda wapansi mpaka kumeneko, dala, kuti mkwiyo utsikire m'miyendo. Sunatsike.

Mkuluyo, bambo a alamu anga, ndinamupeza pakhonde, pampando wa ndalema, mimba ili patsogolo. Pa ukwati wa achemwali ndinamuona atakhala ngati chitsa chifukwa chosamva, akuseka mochedwa anthu onse atamaliza. Tsopano anatembenuka ndisanafike n'komwe pa geti, atamva mapazi anga pa miyala.

Kabokosi ka amayi kanali pachifuwa pake. Pakona pake panali pamene panaphwanyika pang'ono tsiku limene amayi anakagwetsa pa sitepe.

"Mwana wa mnzanga! Lowa, lowa. Mayi ako akupeza bwanji?"

Sanakuwe. Analankhula bwinobwino, ngati munthu wodzimva.

"Alipo."

"Bambo ako anali munthu. Taona zimene anandisiyira." Anagwira swichi. "Ndazimitsa. Tsopano ndiyatsa. Penya nkhope yanga."

Anayatsa. Nkhope sinagwedezeke. Anadikira, mutu uli chopendekera, kenako kumwetulira kunayamba kufalikira pamene mawu ankalowa.

"Waona? Kakale kaja ndinkachita kutsinzina ndi kuluma mano ndikamayatsa. Mpaka ndinakasiya m'kabati. Ndinati bola kusamva kusiyana n'kumenyedwa m'mawa uliwonse ndi kachitini. Bambo ako anati adzakakonza, kenako anadwala, ine ndinati basi zatha. Ndiye mpongozi wanga akubwera kuchokera ku maliro, akuti bambo anakamaliza asanagone m'chipatala, anati ndidzakupatseni. Ndinalira, mwanawe. Mwamuna wamkulu ngati ine."

Ndinali nditakonzekera kutukwana. Mawu onse ndinali nditawanola panjira. Koma munthu wake sanali ameneyu, ndipo zimenezi zinandikwiyitsa koposa. Achemwali sanangoba kabokosi. Anabanso pakamwa pa bambo, n'kuikamo mawu amene sananene.

"Bambo sanamalize kanthu," ndinatero. "Manja ankanjenjemera, supuni ankalephera kugwira. Ako ndi ka amayi."

"Wati chiyani?"

"Mwamva. Kabokosi ako sikaphonya."

Ndinatulutsa kakale m'thumba n'kukaika pa tebulo pafupi ndi kapu yake. "Aka ndakapeza m'kathumba ka amayi. Akayatsa lero m'mawa. Panopa agona, ayang'ana kukhoma, akuti bambo apita ndi kumva kwawo."

Mkuluyo anakayang'ana nthawi yaitali. Dzanja lake linakwera n'kuphimba kabokosi ka pachifuwa, ngati wina akufuna kukalanda. Ndinkafunadi kukalanda.

"Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikumva ndi makutu a mkazi wamasiye."

M'nyumba mkazi wake ankagwetsa mbale m'beseni, akulankhula yekha mokweza: za munthu wongokhala pakhonde, za makapu osabwezedwa, za mimba imene ikukula pamene ntchito sizikutha.

Mkuluyo anakweza chala. "Dikira. Aleke amalize kundinena mayi awa. Ndinkawasowa."

Ndinadikira. Anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali chotseka, akugwedeza mutu ngati akuvomereza mlandu uliwonse. M'khitchini mutati zii, anazimitsa, anachotsa kachingwe m'khutu, anakapukuta pa malaya, n'kundipatsa ndi manja awiri. Kakale kaja anakakankhiranso kwa ine.

"Tenga konse," anatero, ndipo mawu ake anatuluka okwera, osalongosoka. "Ndakalamba ine, sindingamenyedwenso. Koma mchemwali wako usamupweteke. Tinkamufunsa za kabokosi tsiku lililonse."

Ndinanena kuti zikomo. Ankayang'ana kale kwina.

*

Kunyumba ndinapeza achemwali abwera. Nsapato zawo zinali pakhomo, iwo ali kuseri akuchapa zovala za amayi. Ndinadutsa kaye kuchipinda. Amayi anali chigonere, nkhope kukhoma. Ndinachotsa kakale m'kathumba, ndinaikamo kawo, n'kukasiya pa pilo pafupi ndi dzanja lawo. Sindinawadzutse. Ndinali ndi munthu woti ndimuone kaye.

Achemwali anadzutsa mutu, manja ali ndi thovu. "Unali kuti? Amayi sanadye. Ukuwasiya okha tsiku lonse?"

Ndinaika kakale pa mwala wochapira, pakati pa ife.

Anakayang'ana. Anapukuta manja pa chitenje pang'onopang'ono, chala chilichonse pachokha.

"Wapita kwa apongozi."

"Msoko wanu ndi wabwino. Atelala akunyadirani."

"Ndikanabweza."

"Liti? Tikaika amayi?"

"Usalankhule choncho. Amayi ananena okha kuti sakufunanso kumva. Unawamva. Kanangokhala pa msomali ngati chithunzi. Ndinati ndibwereke mpaka adzakafune."

"Wobwereka amasoka kathumba? Wobwereka amanamizira wakufa?"

"Iwe sukudziwa kukhala m'nyumba ya eni!" Mawu awo anakwera. "M'mawa uliwonse: bambo ako analonjeza, kabokosi kali kuti? Mwamuna wanga akundifunsa, apongozi aakazi akundifunsa, akuti kwanu n'kolonjeza. Bambo ali m'chipatala akundifunsabe. Ndimafuna tsiku limodzi ndidye chakudya chopanda funso."

"Ndiye munasiya kogunda m'malo mwake. Munkadziwa chimene kamachita."

"Ndinkati sadzayatsa msanga."

"Ayatsa lero. Ndinawachonderera ndine. Ndinawaika ndine msomali m'khutu, chifukwa cha iwe."

Chibadwire ndinali ndisanawanenepo kuti iwe. Anadzidzimuka ngati ndawathira madzi.

"Ndipo iweyo?" anatero. "Suja unaphunzira zimenezi? Bambo anakutumiza kukoleji kuti ukatani? Kachitini aka ndi ntchito ya tsiku limodzi, ukudziwa wekha. Ndinkati ukakaona ukakonza, nkhani ithe. Koma chitseko cha shopu ya bambo sunachikhudze chimwalirire iwo. Ukudutsa chakutali ngati muli njoka. Kuzungulira msewu wonse kufuna wakuba n'kosavuta, eti?"

Zinandilasa chifukwa zinali zoona. M'shopu muja mpando wa bambo udakali chopendekera mmene anausiyira, ndipo ndinkadziwa kuti ndikalowamo fungo la mtovu wowotcha lindigwetsa pansi. Sindinanene zimenezo. Ndinatenga mawu amene anali pafupi, olemera kwambiri.

"Ine ndinasiya sukulu kudzawasambitsa. Iwe unali kuti? Bambo anafa akufunsa za iwe, maso ali pakhomo, iwe uli kopukuta mbale za eni. Unafika atazizira kale. Ndiye unalowa m'chipinda cha amayi ngati wodzalira, ukuyang'ana pa msomali."

"Siya."

"Bola akanakhala iwe m'bokosi muja. Kuyambira lero ndilibe mchemwali. Ukatuluka pa geti apo, usadzabwerenso."

Achemwali anakweza maso. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana kumbuyo kwanga.

Amayi anali ataima pakhomo la kuseri, dzanja limodzi litagwira felemu. Kabokosi kanali pachifuwa, kachingwe m'khutu. Anali atakapeza pa pilo, ataona pakona pophwanyika paja, n'kuyatsa. Sikanagunde. Kanawabweretsera mawu pang'onopang'ono, mwaulemu, monga bambo anakaphunzitsira, ndipo mawu oyamba amene anamva chimwalirire mwamuna wawo anali anga.

"Ndakumvani," anatero.

Analankhula motsitsa, mawu awo enieni amene ndinkawafuna masiku onsewa. Ndinalakalaka akanakuwa.

"Amayi, ndakabweza. Ndi kanu kenikeni."

"Ndakadziwa." Anatembenukira kwa achemwali. "Bambo ako sanafunse za iwe yekha. Anafunsanso za uyu, ali pambali pawo pomwepo. Mutu unali utasokonekera. Usazitenge." Kenako kwa ine: "Mkulu uja akumva ndi chiyani tsopano?"

"Palibe."

"Wamuvula?"

"Wavula yekha."

"Bambo ako anamulonjeza."

"Si mlandu wanga, amayi. Wakuba ndi uyu."

"Wakuba ndamuona. Nkhani yake ndi ya ine ndi iye, tikambirana." Anayang'ana kakale pa mwala wochapira, thovu litayamba kukafikira. "Chotsa apo kasanyowe. Makiyi a shopu ali m'thumba la jekete la bambo ako. Tsiku limene mkulu uja adzavale kake, kosagunda, inenso ndidzavala kanga."

"Amayi, sindingathe kulowa muja."

"Ndiye tikhala chete tonse awiri, ine ndi mkulu uja."

Chala chawo chinapita pa swichi.

"Dikirani. Ndimvereni kaye, sindinamalize."

"Wamaliza, mwanangu. Ndamva zokwanira lero."

Anazimitsa. Anachotsa kachingwe m'khutu, anakakulunga mozungulira kabokosi, n'kutembenuka kulowa m'nyumba. Ndinawatsatira mpaka pakhomo ndikuitana, kenako ndikukuwa, mpaka atelala anaimitsa makina kutsidya kwa msewu. Amayi sanacheuke. Anayenda pang'onopang'ono m'kakhonde ka m'nyumba, dzanja likutsata khoma, n'kutseka chitseko cha chipinda chawo.

Kumbuyo kwanga achemwali anatola kakale kaja pa mwala. Anakapukuta thovu ndi nsonga ya chitenje n'kunditambasulira.

Ndinakalandira osawayang'ana, n'kupita kukafuna jekete la bambo.